Vim yanga imangotola Python yolakwika

Dzulo ndinagona mochedwa chifukwa cha Vim, pulogalamu yolembera code, amwene. Pa laputopu yangayi pali ma version awiri a Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), 3.8 ndi 3.11, ndiye nditapanga compile (kuimanga kuchokera ku code yake) Vim ija inangotola yakaleyo osandifunsa, plugin yanga (kapulogalamu kowonjezera mu Vim) nkukana kugwira ntchito. Kuona vim --version sikuthandiza kwenikweni, +python3 (chizindikiro choti Python 3 ilimo) imaoneka ndithu koma ndinadziwa zoona nditalemba :py3 import sys; print(sys.version) mkati mwa Vim momwemo.

Mankhwala ake ndi pa ./configure, sitepe yokonzekera compile, ikani --enable-python3interp komanso --with-python3-command=python3.11, bola python3.11-dev ikhalepo kale apo ayi configure singapeze ma header, mafayilo a Python ofunika pa compile omwe amabwera ndi package imeneyi. Chomwe chinandidyera nthawi ndi config.cache, fayilo yomwe configure imasungamo zomwe yapeza, imakumbukirabe zakale zija ngakhale usinthe bwanji. Ndinachita kupanga make distclean kaye kuti ifufute zakalezo nkuyambiranso, basi zinatheka.