Kalasi ndi chionetsero cha zojambula mu OpenSim, popanda kumaliza bandulo

Second Life, dziko la pa intaneti limene anthu amayendamo ndi kukumanamo ngati m'gemu, inatsegulidwa mu 2003 ndi kampani ya Linden Lab, ndipo mpaka pano anthu amachititsiramo maphunziro, zionetsero ndi makonsati. Koma kwa sukulu ya ku Ndirande kapena Chilomoni, bandulo ingathe phunziro lisanafike pakati. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa OpenSim, pulogalamu yaulere yofanana nayo, imene mungayendetse pa kompyuta imodzi m'labu, ena onse n'kumalumikizana nayo kudzera pa rauta, kachipangizo kolumikiza makompyuta. Intaneti imafunika pokhapokha mukukopera mapulogalamuwo.

Sankhani kompyuta yamphamvu kuposa zonse kuti ikhale seva, yoyendetsa OpenSim. Ipatseni adiresi ya pa netiweki (IP) yosasintha, mwachitsanzo 192.168.1.10, chifukwa rauta ikazima n'kuyakanso imatha kugawa ina, ophunzira n'kulephera kulowa. Adiresiyo muilembe m'mafayilo awiri a OpenSim: pa mzere wa ExternalHostName mu Regions.ini komanso pa mzere wa BaseHostname mu OpenSim.ini. Mukasiya 127.0.0.1, adiresi imene imaloza kompyuta yomweyo, dzikolo lidzangotseguka pa seva yokhayo. Tsegulani port 9000 (khomo lolumikizirana) pa firewall, pulogalamu yoteteza seva, pa njira zonse ziwiri zotumizira deta, TCP ndi UDP. Ambiri amaiwala UDP: dzina ndi pasiwedi zimalandiridwa bwinobwino, kenako kulowako kumaima panjira.

Pa makompyuta enawo ikani Firestorm, pulogalamu yolowera m'dzikolo; sankhani mtundu wake wogwira ntchito ndi OpenSim, osati wa Second Life yokha. Maakaunti amapangidwa pa seva polemba create user.

Malo amodzi mu OpenSim ndi mamita 256 mulitali ndi mulifupi, okwanira kalasi, bwalo la misonkhano ndi holo ya zojambula. Pa zojambulapa m'pofunika kudekha. Jambulani chithunzi chilichonse panja pamthunzi, m'mawa, kuti penti asanyezimire. Chichepetseni chisapitirire mapikiselo 1024, ndipo zing'onozing'ono 512 n'zokwanira, apo ayi alendo adzaona makoma otuwa kwa nthawi yaitali. Firestorm imakoka chithunzi kuti chikwane miyezo yake, ndiye bolodi lomatapo mulipatse muyezo wa chojambula chenichenicho. Ngati ndi masentimita 60 ndi 90, bolodi likhale mamita 0.6 ndi 0.9, kapena kuwirikiza kawiri. Nkhope ya mayi wosenza mtolo wa nkhuni ikafutukuka, ntchito ya mwezi wathunthu ya wojambulayo yanyozeka, ndipo zimenezi siziyenera kuchitika.

Makompyuta akale akamachedwa, tsitsani draw distance (mtunda umene munthu amaona m'dzikolo) mu Firestorm kufika pa mamita 64 ndipo muzimitse mithunzi.

Mawu ndi nkhani ina. OpenSim sibwera ndi njira yolankhulirana yokonzeka kale, choncho gwiritsani ntchito macheza olemba, kapena mphunzitsi angolankhula m'labumo.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Seva ndi rauta zikhale pa UPS (batire losunga magetsi) kapena inveta, ndipo mukamaliza kumanga tsiku lililonse lembani save oar pa seva. Fayilo imene ituluke ili ndi nyumba, zithunzi ndi nthaka yonse. Ikopereni pa fulashi, ndipo sukulu ina ku Limbe ikafuna chionetsero chomwecho ingolemba load oar.