Sabata yoyesa mitu ya imelo, malole a Khrisimasi asananyamuke ku Joni

Kampani imene ndimagwirako ntchito imanyamula katundu wa Amalawi kuchoka ku Joni kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo ine ndi amene ndimalemba ndi kutumiza maimelo kwa makasitomala. November akafika pakati, aliyense mu ofesi amangoganiza zoti malole a Khrisimasi adzaze. Mafiliji, matilesi, njinga ndi masaka a zovala ziyenera kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza mizere ya pachipata isanafike poipa. Imelo ya sabata ino inali yoitana anthu kuti abukitse malo msanga.

Lolemba tinatsutsana za mutu wa imeloyo. Abwana ankafuna kuti mutu unene za kutsika kwa mtengo. Ine ndinkaona kuti chimene chimamudzutsa munthu wa kuno si mtengo ayi, koma mantha oti katundu afika kumudzi Khrisimasi itadutsa, ana atadikira mpaka kutopa. Choncho mutu wanga unkangotchula tsiku lonyamuka lole yomaliza. M'malo mokangana mpaka madzulo, tinagwirizana zoyesa mitu yonse iwiri: gulu A lilandire mutu wa mtengo, gulu B lilandire wa tsiku, ena onse otsala adikire kuti adzalandire mutu umene wapambana. Mkati mwa imelo zonse zikhale chimodzimodzi, chithunzi, mawu, batani lodina, ngakhale dzina la wotumiza.

Apa m'pamene ambiri amasokonezera. Abwana anati, "Achimwene, bwanji A tiwapatse otumiza ku Blantyre, B otumiza ku Mzuzu?" Ndinayankha kuti, "Abwana, tikatero sitidzadziwa ngati wapambana ndi mutu kapena mzinda. Ku Mzuzu ndi kutali, mtengo ndi wina, anthu amabukitsa mosiyana." N'chimodzimodzinso kutumiza A m'mawa, B madzulo. Amene ali mu takisi ya pa siteji ya Bree ku Joni m'mamawa sawerenga imelo ngati amene wakhala pansi atadya nsima usiku. Magulu awiriwo pulogalamu yotumizira maimelo iyenera kuwagawa yokha mwachisawawa, ndipo imelo ichoke nthawi imodzi. Mailchimp ndi mapulogalamu ena otere amatha kuyesa mutu, dzina la wotumiza, zamkati kapena nthawi yotumizira, koma ukasintha zinthu ziwiri pakamodzi, zotsatira zake sungazimasulire.

Tisanatumize ndinapempha chinthu chinanso, ndipo tinachilemba papepala: wopambana adzakhala mutu umene wabweretsa anthu ambiri obukitsa malo, ndipo tidzaweruza Lachisanu. Pa linki iliyonse ndinaika chizindikiro choti munthu akabukitsa pa webusaiti tidziwe gulu limene wachokera.

Tsiku lotsatira linathera poyeretsa mndandanda wa maadiresi a anthu owatumizira imelo. Lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene kuno ku South Africa aliyense anayenera kuyamba kulitsata kwathunthu pa 1 July 2021, m'ndime 69 limaletsa kutumizira munthu uthenga wotsatsa malonda pokhapokha ngati anavomera kapena ndi kasitomala wako kale, ndipo uthenga uliwonse uyenera kumupatsa njira yokanira. Mnzathu wina anabwera ndi maadiresi amene anatolera pa gulu la WhatsApp la anthu a kwawo, ali ndi mtima wabwino ndithu, koma sindinawaike. Kupatula lamulo, kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa zinthu kwa otumiza maimelo ambiri: pamafunika SPF, DKIM ndi DMARC (njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa amene akuti waitumiza), njira yodzichotsera podina kamodzi kokha, komanso odandaula kuti ndi spam (imelo yosafunika) asafike 0.3 peresenti. Makasitomala athu ambiri ali pa Gmail. Tikalowa m'bokosi la spam, mutu wabwino ndi woipa onse amafera pamodzi. Imelo inachoka madzulo a tsikulo.

Lachitatu m'mawa abwana anandipeza ndisanakhale n'komwe, foni ili m'manja. "Achimwene, mwaona? A watsogola. Tumizani kwa otsalawo lero lomwe."

Zinali zoona kuti pa chiwerengero cha otsegula imelo, A anali patsogolo. Koma chiwerengero chimenechi ine ndinasiya kuchikhulupirira. Pulogalamu imadziwa kuti imelo yatsegulidwa chifukwa cha kachithunzi kakang'ono kosaoneka kamene kamabisika mkati. Kuyambira September 2021, pamene Apple inabweretsa Mail Privacy Protection pa iOS 15 ya mafoni a iPhone, pulogalamu ya Mail imakoka kachithunzi kameneka yokha ngakhale mwini wake foni sanaone n'komwe imeloyo. Ndiye m'gulu la "otsegula" muli anthu amene anali mtulo. Ngakhale kudina linki kuli ndi chinyengo chake. Amene anatipatsa maadiresi a kuntchito kwawo, makompyuta achitetezo a makampani awo amadina malinki onse pofufuza mavairasi, masekondi ochepa imelo itangofika. Ndikaona adiresi imodzi yadina malinki onse pakamodzi, kuphatikizapo yodzichotsera, ndimadziwa kuti si munthu, ndipo ndimaichotsa pa chiwerengero.

Ndinawakumbutsa abwana za pepala lija. Ndinawauzanso kuti anthu athu sabukitsa tsiku lomwelo. Wogwira ntchito m'munda ku Sandton kapena m'nyumba ku Randburg amaona imelo, n'kuyimbira kaye foni kumudzi kufunsa kuti chofunika kwambiri n'chiyani, n'kudikira malipiro. Ambiri kuno amalandira pa 25 kapena kumapeto kwa mwezi. Kuweruza Lachitatu kukanakhala kuwerenga anthu ochepa othamanga n'kuiwala ambiri amene amayamba aganiza. Abwana sanakondwere, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa lole yonyamuka yosadzaza imadya mafuta ofanana ndi yodzaza. Koma anati tidikire.

Lachinayi ndinangoyang'anira odzichotsa ndi odandaula, n'kuyankha anthu amene anafunsa za mtengo wa filiji.

Lachisanu zinthu zinatembenuka. Pa obukitsa, B anapitirira A. Mumtima ndinasangalala, pakuti ndi zimene ndinkayembekeza, koma kusiyanako kunali kochepa, ndipo ndinayenera kunena chilungamo chake. Masamu ake ndi ouma mtima. Ngati anthu 2 pa 100 alionse ndi amene amachitapo kanthu, ndipo ukufuna kutsimikiza kuti mutu watsopano wakweza chiwerengerocho kufika pa 2.4, pa mlingo wa chitsimikizo wa 95 peresenti umene ambiri amagwiritsa ntchito, pamafunika anthu pafupifupi 21,000 mbali iliyonse. Magulu athu safika pamenepo, ndipo obukitsa amakhala ochepa kuposa odina. N'chifukwa chake zoyesa mtundu wa batani, lofiira kapena lobiriwira, ine sindizichita. Zimenezo ndi za makampani okhala ndi maadiresi miyandamiyanda. Kampani yaing'ono ngati yathu iyenera kuyesa zinthu zosiyana kwambiri, zimene kusiyana kwake kungaoneke ngakhale pa anthu ochepa.

Mu lipoti ndinalemba kuti B ali patsogolo pa obukitsa, koma kusiyanako kungathe kukhala kwamwayi chabe. Abwana anafunsa kuti, "Ndiye sabata yonseyi tapindula chiyani?" Ndinati tadziwa kuti mutu wa mtengo, umene unkaoneka ngati wapambana Lachitatu, sunabweretse katundu wochuluka kuposa unzake, ndipo pa odzichotsa panalibe kusiyana kodetsa nkhawa. Otsala aja tinawatumizira mutu wa tsiku madzulo omwewo, kuti imelo iwapeze malipiro akulowa.

Funso limene latsala ndi lalikulu kuposa mutu: kodi kuchotsera mtengoko kukufunika n'komwe nyengo ya Khrisimasi, pamene anthu atumiza katundu ndithu? Limenelo ndi loyenera kuyesa, chifukwa ndi ndalama zenizeni pa lole iliyonse. Abwana avomera kuti pa malole a Pasaka gulu lina lidzalandire imelo yochotsera mtengo, lina yongotchula tsiku popanda kuchotsera kalikonse, ndipo tidzawerenge ndalama zimene gulu lililonse labweretsa.