Nyali Zoyendera mu Nkhungu pa Njinga Yamoto

Ntchito yanga imandiyendetsa pa njinga yamoto pakati pa Mzimba ndi Mzuzu kawiri kapena katatu pa mwezi, ndipo aliyense amene anadutsapo pa Chikangawa m'mamawa m'miyezi ya June ndi July akudziwa mmene nkhungu ya kumeneko imatsekera msewu. Mitengo ya paini ya m'mbali imabisika, phula limaoneka mamita ochepa okha, ndipo lole yonyamula matabwa imayamba kumveka kulira nyali zake zisanaoneke. N'chifukwa chake chaka chatha ndinaganiza zowonjezera nyali ziwiri kutsogolo kwa njinga yanga.

Ndinagula zimene wogulitsa anandiuza kuti ndi zowala kuposa zonse, zoyera kwambiri, zoponya kuwala patali ngati tochi. Usiku wopanda nkhungu zinkandithandizadi. Koma tsiku loyamba kulowa nazo mu nkhungu, nditangoyatsa, kutsogolo konse kunangoti mbee ngati munthu wanditambasulira nsalu yoyera kumaso, moti ngakhale m'mphepete mwa phula, mmene ndinkaona pang'ono ndisanayatse, munasowa. Ndinazizimitsa n'kupitiriza ulendo ndi nyali yaikulu yokha, nditaitsitsa.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumvetsa. Nkhungu ndi timadontho ta madzi tosawerengeka toyandama mu mpweya, ndipo kadontho kalikonse kamamwaza kuwala kumene kakuwombedwa nako, kwina n'kubwerera m'maso mwa woyendetsa. Kuwala kukachuluka, kobwerera nakonso kumachuluka. Choncho nyali yabwino ya mu nkhungu sidziwika ndi mphamvu zake koma ndi mmene imayalira kuwala kwake: kuyenera kukhala kotambalala m'mbali, kogona pansi, ndiponso kodukira pamwamba ngati kwadulidwa ndi mpeni, kuti kusakwere kufika pa msinkhu wa maso. Ogulitsa ambiri amasakaniza nyali zoponya patali, zomwaza kuwala paliponse ndi za mu nkhungu zenizeni pa thebulo limodzi, zonse n'kumazitchula dzina limodzi. Masiku ano sindigula nyali ndisanapemphe kuti ailumikize ku batire ndi kuiwalitsa pa khoma. Ikajambula bwalo lozungulira ndimaisiya. Ikajambula mzere wautali wopingasa, pamwamba pake pali mdima, ndiye imeneyo. Zoyesedwa motsatira malamulo a ku Ulaya zimakhala ndi chilembo E m'kabwalo pa galasi, pamodzi ndi B kapena F3, pamene za ku America zimalembedwa SAE F. Manambala akuluakulu a kuwala olembedwa pa katoni sindiwawerengeranso, chifukwa sanena kumene kuwalako kukupita.

Nkhani ya mtundu wa kuwala, koyera kapena kwachikasu, imabutsa mkangano pakati pa oyendetsa njinga. Ambiri amakhulupirira kuti kuwala kwachikasu kumaboola nkhungu, koma zoona zake n'zakuti timadontho ta nkhungu timamwaza mitundu yonse pafupifupi mofanana. Ubwino wa chikasu uli m'maso: kuwala koyera kopendekera ku buluu, kwa 6000K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala), kumathobwa ndi kutopetsa kukabwerera, pamene kwachikasu, kwa 3000K, maso amakupirira nthawi yaitali. Dziko la France linkalamula kuti galimoto zikhale ndi nyali zachikasu kuyambira mu 1937 mpaka mu 1993. Ine ndinasankha chikasu, ndipo chifukwa china n'chakuti madalaivala obwera kutsogolo amasiyanitsa msanga njinga yanga ndi nyali zina zonse zoyera za pamsewu.

Pamene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi pa magetsi a njingayo, chifukwa ndi pamene anzanga ambiri, makamaka akabaza, amapwetekerapo. Njinga zazing'ono za 100cc mpaka 150cc zimene zadzaza m'misewu yathu zili ndi koyilo yopanga magetsi ochepa, ongokwanira nyali yaikulu, yakumbuyo, maindiketa, hutala ndi kutchaja batire. Nyali ziwiri za halogen (za mababu a kawaya kotentha) za mawati 55 iliyonse zimadya mawati 110, omwe pa mavoti 12 ndi ma amp oposa 9, ndipo njinga yotere singawakwanitse. Batire imangotsika pang'onopang'ono mpaka tsiku lina sitata n'kukana. Nyali ziwiri za LED za mawati 10 iliyonse sizifika ngakhale ma amp awiri, ndipo mu nkhungu zimakwanira ndithu. Palinso china choyenera kuona musanapite kwa makaniko. Ngati nyali yanu yaikulu imayaka pokhapokha injini ikulira, n'kumawala kwambiri mukapatsa moto, nthawi zambiri ndiye kuti imatenga magetsi ku koyilo mwachindunji osadzera ku batire. Nyali za LED zikalumikizidwa pa waya umenewo zimaphethiraphethira ndipo zambiri sizikhalitsa.

Kulumikiza koyenera n'kotenga magetsi ku batire, kuika fyuzi pafupi kwenikweni ndi batireyo, kenaka relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi) yodzutsidwa ndi waya umene umakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatsegulidwa, ndi swichi yakeyake pa chiwongolero pamene chala chachikulu chimafika dzanja lisanachoke pa chogwirira. Makaniko woyamba amene ndinapitako anangopotokola mawaya n'kukulunga ndi tepi, popanda fyuzi, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti, "Bwana, onse timawamangira chonchi." Ndinakamasulitsa kwa wina, chifukwa mawayawo amadutsa pansi pa thanki ya petulo, ndipo waya wopanda fyuzi ukakhulika n'kukhudza chitsulo umatentha mpaka kuyaka.

Za madzi ndingonena mwachidule. Chizindikiro cha IP67 pa nyali chimatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo nyaliyo ingamire mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Nyali ya thupi la aluminiyamu lokhala ndi mizere yotulutsa kutentha imaposa ya pulasitiki, ndipo zomangira zake zikhale zachitsulo chochindikala, poti misewu yathu yafumbi imamasula chilichonse chomangidwa mwaulesi.

Nyali zanga zatsopano ndinazimanga pa zitsulo zoteteza injini njinga ikagwa, imodzi uku ina uku, m'munsi mwa nyali yaikulu. Kutsika kumeneku kumachititsa kuti kuwala kuyende pafupi ndi phula, kutali ndi mzere wa maso anga, komanso nyali zitatuzo zimapanga makona atatu amene amathandiza wobwera kutsogolo kuzindikira kuti ndi njinga ndi kuyeza mtunda umene ili. Poziwongola ndinaima pamalo osalala, mamita 7 kapena 8 kuchoka pa khoma, nditakhala pa chishalo kuti kulemera kwanga kuwerengedwe, mnzanga n'kuzipendeketsa mpaka mzere wapamwamba wa kuwala unagwera m'munsi pang'ono mwa msinkhu wa nyalizo. Popeza kuno timayenda kumanzere, yakumanzere ndinaitembenuzira pang'ono kunja kuti izindionetsa m'mphepete mwa msewu, ndipo yakumanja ndinasamala kuti isaloze m'maso mwa obwera. Kunja kukayera ndimazizimitsa.

Ulendo wanga womaliza pa Chikangawa nkhungu inalipo monga mwa nthawi zonse, ndipo liwiro langa silinapitirire makilomita 40 pa ola, chifukwa nyalizi sizionetsa patali. Zimene zinandionetsa ndi malire a phula, dzenje limene ndikanalowamo, ndi bambo wina wokankha njinga yakapalasa yodzaza nkhuni kumanzere kwanga, amene ndinamupatuka bwinobwino. Chimene chatsala tsopano ndi nyali yakumbuyo, yomwe ndi yofooka kwambiri kwa dalaivala wa lole amene akunditsatira mu nkhungu yomweyo, ndipo ndikufuna kuisintha nyengo yozizira isanabwerenso.