Pansi pakutulukabe thukuta

Lachinayi. Mvula itangokata m'mawa ndinakwera basi kupita ku Chalala kukaona nyumba yathu. Mumtima ndinali nditapanga kale mapulani: Lolemba abwere woika matailosi, kutha kwa mwezi tisamuke, za lendi tiiwale.

Dzana bambo mmisiri anayala kapulasitiki pansi m'chipinda chochezera, n'kumata tepi m'mbali monse. Lero atamatula, kunsi kwake kunali timadontho ta madzi, ndipo simenti pamalopo inali yoderapo. Kwina konse pansi pali mbuu, munthu n'kumati pauma kalekale.

"Mwaona amayi? Madzi akadali m'kati."

Ndinayesa kutsutsa. Screed imeneyi, simenti yosalazira pansi, anaithira masiku 18 apitawo, ndipo tsiku lachitatu tinali tikuyendapo. Iwo anati kulimba n'kwina, kuuma n'kwinanso. Anatola khala n'kuyamba kulemba pakhoma lopanda penti: mamilimita 40 oyamba amauma milimita imodzi pa tsiku, opitirira apo iliyonse imafuna masiku awiri. Yathu ndi ya mamilimita 50, ndiye masiku 60. Mawerengedwe amenewo ndi a nyengo yabwino, osati Januwale wa mu Lusaka, pamene ngakhale zovala zimagona pachingwe masiku awiri. Sabata yoyamba ija anali ataphimba pansi ponse kuti simenti isaume mofulumira n'kung'aluka. Ine ndinkang'ung'udza kuti akutaya nthawi.

Matailosi akhoza kulowa masiku 60 asanakwane, koma osati Lolemba. Zomwe sizifuna chinyezi ngakhale pang'ono ndi matabwa amene ndikufuna kuchipinda chogona, ndi makabati akukhitchini. Amafufuma. Kwa achemwali anga anathamangira kuika matailosi, ndiye pano ukagogoda tailosi ya pakhonde imalira ngati ng'oma.

Tinakhala pa mabuloko n'kusintha ndondomeko yonse. Wamagetsi amalize kaye masoketi, siling'i ikwere, wopenta ayambe kumwamba kutsika. Mawindo azikhala otsegula masana, mvula ikamabwera mlonda azitseka. Matumba a simenti otsala tawachotsa pansi, chifukwa pamene pali katundu sipauma.

Woika matailosi sanakondwe pa foni, akuti ali ndi ntchito ina ku Makeni ndipo sadziwa kuti adzapezeka liti. Ndawapepesa.

Pobwerera ndadzera ku Kamwala kukaona makatani, osagula. Madzulo ano ndawaimbira eni nyumba kuti Febuluwale tidakali konkuno. Aseka, ati ankadziwa.