Loweruka: Leão ndi kamlendo kake

Julaye wa kuno ku Angónia sasewera. Nkhungu inagwira mpaka cha m'ma 9 koloko, ndipo ndinatuluka m'nyumba chifukwa cha phokoso basi. Kachewere, kagalu kathu katsopano, kanali katagwira khutu la Leão nkumakoka ngati kapeza nyama. Dzinalo anakapatsa ndi ana, ati chifukwa cha kamimba kobulungira. Leão ndi galu wa zaka 9, ndevu zayera kale, ndipo kukazizira mwendo wakumbuyo umamuvuta. Anapirira, anapirira, kenako anatukula mlomo, mano poyera, ngrrr! Kagalu kwee, kuthawira pansi pa nkhokwe.

Mwana wanga wamkazi anatola kamtengo. "Ababa, Leão akuzunza mwana!"

Ndinamuletsa. Ndinamuuza akayang'ane ngati pali bala. Panalibe, ngakhale malovu. Galu wamkulu akamachita ngrrr amakhala akunena kuti apa ndi pamalire, ndipo kagalu kamamva chinenero chimenecho kuposa mawu athu onse. Mukamumenya chifukwa chochenjeza, amaphunzira kusiya chenjezo, ndiye tsiku lina adzangoluma osanena. Chimene ndimayang'ana ine ndi chakuti kagalu kakagona chagada, iye asiye. Leão amasiya. Akanakhala wopitiriza, kapena wokasakasaka pomwe kabisala, ndikanawalekanitsa.

Pa chakudya ndiye pali lamulo losasintha. Leão amayamba, mbale yake kuseri kwa khitchini, pamalo pomwe wakhala akudyera moyo wake wonse. Kachewere kamadyera pakhonde, ndipo wina amaima pakati mpaka onse amalize. Kamadya katatu kapena kanayi patsiku, pang'onopang'ono, pomwe mkuluyo kawiri nkokwanira. Timaphika phala la gaga nkusinjiramo kapenta wa ku Cahora Bassa, uja wophwanyikaphwanyika amene amatsala pansi pa thumba kumsika, wotsikirapo mtengo. Nsima yokhayokha imangotupitsa mimba, kagalu sikakula bwino. Mayi a ana amadziwa kuti msuzi wa anyezi wambiri sulowa m'mbale za agalu, chifukwa anyezi amawononga magazi awo. Mafupa a nkhuku ophika nawonso ayi: amasweka mosongoka.

Dzuwa litatuluka ndinakhala pa mpando ndi tizidutswa ta kapenta m'thumba la jekete. Ndinayamba ndi Leão dala. "Leão, khala." Anakhala, ndinamupatsa. Kagalu kanayang'ana, kanalumpha, kanandinyambita bondo, osalandira kanthu. Ndinakweza dzanja pamwamba pa mphuno yake, mutu unapita m'mwamba, matako pansi okha. Pomwepo kapenta m'kamwa. Mphoto ikachedwa ngakhale pang'ono, kamaganiza kuti mwakapatsa chifukwa cha china. Mphindi zisanu zokha, ndinasiya kasanatope. Kuyitana dzina ndiye sikuvuta konse, chifukwa ndikaitana Leão nako kamabwera pambuyo, makutu lendelende.

Cha kumasana kunafika amalume panjinga, akuchokera kumunda kwawo kokumba mbatata. Anakanyamula pachikopa cha pakhosi, nkukayang'ana m'kamwa.

"Aphwanga, kagalu aka mukukalera ngati mwana wa munthu. Katsekereni m'nyumba yamdima kasaone anthu, muzikathirira tsabola m'chakudya. Mukatero palibe wakuba adzaponde pano."

"Zikomo amalume, ndamva. Koma nanga Leão uja munamuonapo akutsekeredwa?"

Anaseka, nkuvomera kuti usiku sangayerekeze kulowa pano osaodira. Sindinafune kutsutsana nawo nthawi yaitali, ndi akulu. Koma maganizo anga ndi awa: galu wokulira mumdima amakhala wamantha, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba amene wabwera kudzapala moto. Miyezi itatu yoyambirira ndi imene kagalu kamazolowera dziko. Ndikufuna kaone anthu ovala zipewa, agogo oyenda ndi ndodo, ngolo ya ng'ombe, mbuzi, njinga. Kulonda kadzaphunzira kwa Leão, kuti ndani wouwa ndipo ndani wogwedezera mchira.

Amalume anatchulanso zokasambitsa ndi dibi wa ng'ombe chifukwa anakapeza ndi nkhupakupa kukhutu. Apo ndiye ndinakana poyera. Mankhwala amene ng'ombe ya makilogalamu 300 imapirira angathe kupha kagalu kolemera makilogalamu 4. Tinazichotsa ndi manja, nkuziponya pamoto.

Nkhani yaikulu yatsikuli inali ya nkhuku. Thadzi lathu lili ndi anapiye, ndipo Kachewere kataona tinthu tothamangathamanga, maso anasintha. Apa Leão sangathandize: iye nkhuku saziwerengera, zimamudutsa pamsana ali gone, koma alibe nazo ntchito zoti aletse mnzake. Ndinakamanga chingwe chachitali, ndinakhala nako pafupi ndi pomwe thadzi limapalasa. Kakangoti kadumphe, "Ayi!" ndi chingwe gwa. Kakatembenuka kundiyang'ana, kapenta. Tinabwereza mpaka kanayamba kuyang'ana anapiye kenako ine, ngati kakufunsa malipiro. Sindikunena kuti kaphunzira. Mawa tiyambiranso, ndipo mpaka nditakhutira sikatsala kokha ndi nkhuku. Galu amene walawa mwanapiye wa eni ake amabweretsa milandu kwa anyakwawa, ndipo nthawi zambiri mlanduwo umathera pa poizoni.

Ana anapempha kuti apite nako kumsika wa ku Ulongué akaonetse anzawo. Ndinakaniza. Kasanabayidwe katemera sikaponda pomwe agalu ambiri amayenda. Kuli matenda aja otsegula m'mimba magazi ndi kusanza, a parvo, amene amamaliza tiagalu m'masiku owerengeka, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera wa chiwewe amabaya kagalu kakakwana miyezi itatu. Ameneyu sindiseka naye. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Munthu zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala. Ndinawakumbutsa ana zimene ndimawauza kawirikawiri, kuti galu aliyense akawaluma, ngakhale wathu yemwe, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, tikatero tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Sindidikira 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira chiwewe. Ndikafunsa za katemerayu kwa a za ziweto ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma kuno ku Angónia, ndipo Leão naye nthawi yake yobwereza yayandikira.

Madzulo ndinaona mbali ina ya uphunzitsi wa mkuluyu. Panadutsa njinga yamoto mumsewu, ndipo Leão, mwendo wodwala uja ataiwala, anadzambatuka kuithamangitsa monga amachitira kuyambira kale. Kumbuyo kwake Kachewere, kakuuwa kamawu kosweka, kakugwa nkudzuka. Kamatengera zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Wokalambayo khalidwe limeneli sangalisiyenso, choncho ntchito ili pampanda: pali mpata pafupi ndi mtengo wa pichesi umene ndakhala ndikuuyang'ana chabe. Ndauza mnyamata wanga kuti mawa tikaweruka kutchalitchi tikadule nsungwi.

Mayi a ana angondipeza pano ndikulemba, atanyamula patapata wawo wakumanzere wopanda lamba. Ndafotokoza kuti tiagalu timatafuna chilichonse mpaka mano aubwana atagwa, cha m'ma miyezi 6. Andifunsa ngati ndikutanthauza kuti ayende chopanda nsapato mpaka Novembala. Lolemba ndikapita ku SDAE ndidutsira kumsika, nambala ya phazi la mayi a ana ndi 38.