Sabata yachisanu ndi chiwiri: kufinya ndimu ndi kufinya chitenje

Kope langa la maverebu a Chingerezi lafika patsamba 40. Sabata ino ndinatenga mawu asanu: squeeze, wring, tighten, pinch ndi clench. Kungowaloweza pamtima kunandikanika, ndiye ndinayamba kuchita chinthucho ndi manja kwinaku ndikutchula liwu lake.

Wring anandilowa Loweruka ndikuchapa. Ife timati kufinya ndimu, kufinya chithupsa, kufinya zovala, liwu ndi limodzi lomwelo. Chingerezi chimayang'ana kayendedwe ka manja. Ukagwira chitenje chonyowa n'kuchipotokola, dzanja lina uku lina uko, mpaka madzi chuchuchu pansi, imeneyo ndi wring. Pakapanda kupotokola, wring palibe. Ndimu yomwe ndinafinyira pa usipa madzulo ake ndinangoipsinja m'chikhatho basi, ndipo kumeneko ndiye squeeze. M'mbali mwa tsambalo ndalemba ndi cholembera chofiira kuti zikakhala zochitika kale amati wrung, osati wringed, poti ndinalakwitsa kawiri konse.

Squeeze ndamukonda chifukwa amafika patali. Kondakitala wa minibasi akamakuwa kuti "thinanani kumbuyoko, alowe mayi awa," mayiwo akalowa modzipanikiza, Chingerezi chimati squeeze in. Ndinazindikira zimenezi ndili pampando womwewo, bondo langa litakanikizika ndi thumba la mbatata.

Tighten ndi wa mtundu wina. Chishalo cha njinga yanga chimagwedera, ndinatenga sipanala n'kumangitsa nati. Natiyo inalipo kale, inangokhwepa. Apa m'pamene pali tighten: kulimbitsa chomwe chamangidwa kale, kaya ndi lamba, chivindikiro cha botolo kapena chingwe choyanikira zovala. Liwuli ndi tight wowonjezera -en, ngati mmene loose amaperekera loosen, kukhwefula. Nditaona zimenezi, shorten, kufupikitsa, ndi widen, kukulitsa m'lifupi, anangobwera okha.

Pinch ndi kutsina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Nsapato ikakuthina amatinso pinch, ndipo kamchere kotapa ndi nsonga za zala ndi a pinch of salt. Koma kutsina khutu kwathu kuja sikuwoloka. Ukamasulira liwu ndi liwu, womverayo aganiza kuti wapweteka munthu, pomwe iwe umafuna kunena kuti wamuchenjeza mwamseri. Pamenepo pamafunika warn kapena tip off.

Clench sanakhazikikebe bwino m'mutu mwanga. Amayenda ndi chibakera, mano ndi nsagwada, monga munthu akakunga chibakera atakwiya kapena akaluma mano popirira ululu. Sabata yamawa ndimuika pambali pa grip ndi clutch, mawu onena za kugwira molimba, ndipo ndiyesera pa chigwiriro cha khasu kudimba.