Loweruka: Laser, Kawaya ka Chaja ndi Masikirini Akufa

Kushopu lero kunali zii. Magetsi anathima m'mawa, ndipo kuno ku Yeoville, mu Johannesburg, anthu sabweretsa mafoni kwa wokonza amene sangayatse ngakhale chowotchera. Cha m'ma 11 anatulukira alamu ndi mwana wawo wamkazi, wa giredi 11, yemwe sabata yonse wakhala akunditumizira kavidiyo ka pa TikTok. Kavidiyoko kamati asayansi anatsimikiza kuti ma electron, tizinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi m'maatomu, amadziwa munthu akamawayang'ana, ndiye kuti maganizo athu ndi amene amaumba dziko. Alamu anangoti, "Umenewo ndi ufiti, alamu, kungoti wavala jekete loyera."

Kavidiyoko kakupotoza nkhani yoona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Thomas Young wa ku England anaonetsa kuti kuwala kukadutsa njira ziwiri zoyandikana, pakhoma sipaoneka mizere iwiri ayi, koma yambiri, yowala ndi yakuda mosinthana. Zili ngati kuponya miyala iwiri padziwe: pena mafunde amakumana n'kukula, pena amaphana madzi n'kukhala bata. Mu 1961 Claus Jönsson ku Tübingen anapeza mizere yomweyo ndi ma electron. Mu 1989 gulu la Akira Tonomura ku Hitachi linkatumiza electron imodziimodzi, kudutsa mbali ziwiri za kawaya kopyapyala zedi. Iliyonse inkagwa ngati kadontho kamodzi, paliponse, koma madontho atachuluka mizere ija inatuluka. Ndipo ukaika chida chodziwitsa mbali imene electron yadutsa, mizereyo imatha. Apa m'pamene a TikTok amalowetsapo maso a munthu.

Kuchipinda chakumbuyo kunali mdima wabwino, ndiye ndinati tiyese. Ndinasenda chingwe cha chaja n'kusololamo kawaya kamodzi, kochepa ngati tsitsi, n'kukamata choimirira pakatoni yoboola. Kalaser kofiira ndinakamanga ndi tepi kuti kuwala kumenye kawayako pakatikati, kwina kudutse kumanzere, kwina kumanja. Pakhoma panaoneka kamzera kopingasa koduka-duka, timadontho tofiira totalikirana mwadongosolo. Mtsikana uja anayamba kuwerenga ndi chala.

Kenako ndinapita kubokosi la masikirini akufa. Sikirini ya LCD imakhala ndi kapulasitiki kotuwa kotchedwa polarizer, kamene kamalola kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha. Kumatula n'kovuta, guluu wake ndi wamakani, ndipo kutsuka kumafuna sipiriti ndi kuleza mtima. Ndinadula tizidutswa tiwiri, kena n'kukatembenuza kuti kapingase kanzake, n'kutigundanitsa pa kawaya paja, kena kumanzere kena kumanja. Laser nayo imafunika kuipotoza pang'ono mpaka mbali zonse ziwale mofanana. Timadontho tapakati tija tinasungunuka, panatsala chibanga chofiira basi.

"Amalume, ndani wayang'ana?"

Tonse atatu tinkayang'ana khoma lomwelo, poyamba ndi pano. Chasintha n'chakuti kuwala kwa kumanzere tsopano kuli ndi chizindikiro chosiyana ndi kwa kumanja. Palibe amene anawerenga chizindikirocho, koma chilipo, ndipo kupezeka kwakeko n'kokwanira. Nditaika kachidutswa kachitatu kutsogolo, kopendekeka madigiri 45, kamene kamasakaniza zizindikiro ziwirizo mpaka zosasiyanitsikanso, timadontho tinabwerera, tozimirira koma tooneka. Alamu anadzuka pampando. Ganizo lofufuta chizindikiro chotere analilemba Marlan Scully ndi Kai Drühl mu 1982. Kunena mwachilungamo, za laser yangayi asayansi a ku France Fresnel ndi Arago akanazifotokoza kalekale ndi mafunde wamba, chifukwa muli ma photon, tizidutswa ta kuwala, osawerengeka. Chodabwitsa n'chakuti m'malabu amatumiza photon imodziimodzi, zotsatira n'kukhala zomwezi.

Umboni umene ine umandigwira mtima ndi wa ku Vienna, mu 2004, gulu la Anton Zeilinger ndi Markus Arndt. Ankagwiritsa ntchito mamolekyu a C70, timipira ta maatomu 70 a carbon, ndipo ankaona mizere. Kenako anayamba kuwatenthetsa ndi laser asanalowe m'chipangizo. Chinthu chotentha chimatulutsa kuwala, ndipo photon iliyonse yochoka pa molekyu imanyamula uthenga wa pamene molekyuyo inali. Akamawonjezera kutentha, mizere inkazimirira pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Ma photon amenewo sanawagwire munthu, anangokamenya makoma a chipangizo. Anayesanso kulowetsamo mpweya pang'ono kuti mamolekyu azigundana nawo, zinatha chimodzimodzi. Mawu oti pang'onopang'ono ndinawabwereza kwa mtsikanayo, chifukwa kavidiyo kake kamaonetsa ngati ndi switchi. Uthenga wa njira ukakhala wochepa, mizere imazimirira pang'ono. Ukakhala wathunthu, imatha. Berthold-Georg Englert anaika malire amenewa m'masamu mu 1996. N'chifukwa chakenso njerwa kapena mbuzi sizionetsa mizere: mpweya ndi kuwala zimazigunda nthawi zonse.

Mwanayu si wogonja msanga. Anati, "Chabwino amalume, koma electron imodzi ija, osaiyeza, imadutsa kuti?" Limenelo ndi funso lenileni, loposa la TikTok. Niels Bohr ndi Albert Einstein analimbana pa nkhani ya njira ziwiri zomwezi ku msonkhano wa asayansi wa Solvay ku Brussels mu 1927, ndipo mpaka lero akatswiri amagwirizana pa masamu koma amasiyana pa tanthauzo lake. Ndinamuuza kuti safunika kupita kutali: ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein konkuno, kuli labu ya Pulofesa Andrew Forbes imene imagwira ntchito ndi ma photon, ndipo Sci-Bono, nyumba yoonetsera za sayansi, ili pa Newtown pomwepa.

Tizidutswa titatu tija wapita nato m'chikwama cha masamu, laser ndamukaniza kuopa maso a anzake. Alamu ati za ku Newtown avomera, bola ya takisi ndilipire ine poti ndine ndayambitsa.